Kusamalira kholo limene laikidwa phewa lachitsulo: kuyambira tsiku lotuluka m'chipatala

Amayi anga anagwera kubafa. Mwala woimapo posamba unali utamera ndere, phazi linaterereka, iwo n'kudzitchinjiriza ndi dzanja lamanja monga mmene aliyense angachitire. Sanagwe kuchokera pamwamba ayi, koma fupa la mkono linaphwanyika kumutu kwake, pamene limalowa m'phewa. Anali ndi zaka 72. Kuchipatala cha boma ku Salima anawajambula n'kutilembera kalata yopita kwa madokotala a mafupa ku Lilongwe, ndipo mapeto ake anachitidwa opaleshoni yochotsa mutu wophwanyikawo n'kuikapo wachitsulo.

Wowadikirira ndinali ine. Zimene ndikulembazi ndinaziphunzira kwa adokotala, kwa a fizo (achipatala ophunzitsa odwala mafizo olimbitsa ziwalo), komanso pakhonde pa amayi kwathu kufupi ndi Khombedza. Mawu anga akasiyana ndi a dokotala amene anatsegula phewalo, tsatirani ake, chifukwa iye ndiye anaona m'kati. Dziwaninso kuti okalamba ambiri othyoka pamalo amenewa sachitidwa opaleshoni. Fupa likakhala kuti silinasunthe kwambiri, amangokoleka mkonowo m'silingi (nsalu yokolekera mkono pakhosi) ndipo limagwirana lokha. Chitsulo amaika ngati fupa lagawika zidutswa zitatu kapena zinayi, kapena mutu wake wang'ambika moti magazi sangafikekonso bwino. Komabe zambiri za pano zithandizanso amene anangokolekedwa mkono.

1. Musanatuluke, dziwani chimene aikamo

Phewa lili ngati mpira wokhala m'kambale kosaya. Pali njira ziwiri zolisinthira ndi lachitsulo likaphwanyika. Yoyamba, imene anaiyambitsa dokotala Charles Neer wa ku New York m'zaka za m'ma 1950, ndi yosintha mpira wokha, kambale n'kukasiya kachibadwa. Yachiwiri madokotala amaitcha reverse, ndipo anaikonza Paul Grammont wa ku France m'zaka za m'ma 1980: mpira amaumangirira ku fupa la phewa, kambale n'kukaika kumutu kwa mkono. Imeneyi ndi imene okalamba ambiri akuikidwa masiku ano, chifukwa mkono umanyamulidwa ndi mnofu waukulu wokuta phewa kunja, osati timinofu ta m'kati timene pa ukalamba timakhala titaperepeseka kale. Amayi anaikidwa yachiwiriyi.

Koma nkhani yaikulu siili pachitsulo. Kumutu kwa fupa la mkono kuli timafupa tiwiri totumphuka, pamene pamagwira minofu yotembenuza mkono. Munthu akathyoka, timafupati timachoka pamalo pake, ndipo dokotala amatisokerera mozungulira chitsulo ndi ulusi wolimba. Chitsulocho ndi cholimba kuyambira tsiku loyamba, pomwe timafupato timafuna masabata pafupifupi 6 kuti tigwire. Malamulo onse a silingi, a kagonedwe, a ntchito, akuteteza timafupa timeneti. Ine nditamvetsa zimenezi m'pamene ndinasiya kuchita manyazi powaletsa amayi zinthu.

Choncho musachoke muwodi musanafunse, ndipo mayankho awalembe m'buku la kuchipatala: aika mtundu uti, silingi ikhala masabata angati, phewa liyambe kugwedezedwa liti ndipo mpaka pati, ulusi uchotsedwa liti komanso kuti, tsiku lobwerera kukajambulitsa ndi liti. Pemphani a fizo akuonetseni mafizo inuyo mukugwira mkono wa wodwalayo ndi manja anu, osati kungoonerera. Chithunzi cha ekisire chijambuleni pafoni. A kliniko a mafupa a pachipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota adzakuthandizani mosavuta akaona chimene chili m'phewamo.

2. Ulendo wobwerera

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo amene akupitirira pamsewu wa M5 kulowera ku Benga ndi ku Nkhotakota ali ndi ulendo wina wotalika chimodzimodzi. Wodwala amwe mankhwala a ululu kutatsala theka la ola kuti munyamuke. Ngati ndi minibasi, lipirani malo awiri kuti pasakhale wowapanikiza mbali yochitidwa opaleshoni, ndipo pansi pa mkono ikanipo chitenje chopindapinda. Kondakitala muuzeni asanatambasule dzanja, chifukwa mwaulemu wake angathe kuwakoka mkono womwewo powakweza. Kabaza, ya njinga yakapalasa kapena yamoto, aiwale kaye.

3. Konzani pogona, pokhala ndi kuchimbudzi

Apa ndi pamene nyumba zathu zimasiyana ndi zimene zili m'mapepala a kuchipatala. Amayi anazolowera kugona pamkeka pansi. Munthu wodzuka pansi amatsamiza dzanja kumbuyo n'kudzikankha, ndipo kumeneko ndiye kusuntha koopsa kwambiri kwa phewa la reverse: mkono uli kumbuyo kwa thupi, wapindikira m'kati, kenako n'kuusenzetsa thupi lonse. Phewa likhoza kuguluka. Tinabwereka bedi kwa achimwene, ndipo ndikukulangizani kuti muchite zimenezi wodwala asanafike pakhomo.

Masabata oyambirira kugona chagada kumapweteka. Agone motsamira, ngati akhala pansi pang'ono, kumsana kuli mapilo kapena mabulangete opinda. Ife tinadzaza zovala m'thumba n'kulikuta ndi nsalu. Kuseri kwa chigongono ikani kansalu kokulunga kuti mkono usagwere kumbuyo akagona tulo. A fizo anatipatsa lamulo losavuta kukumbukira: chigongono azitha kuchiona nthawi zonse. Akasiya kuchiona ndiye kuti mkono wapita kumene sukuyenera kupita. Silingi agone nayo. Mbali yochitidwa opaleshoni asaigonere. Neti muziwatsekera ndinu, chifukwa kutambasula mkono kukapisa neti kunsi kwa matiresi ndi ntchito imene munthu amaichita asanaganize.

Mpando ukhale wautali ndi wolimba. Wandalema ndi kampando ka kukhitchini ayi, chifukwa podzuka amafunika kukankha ndi manja. Powadzutsa, gwirani m'chiuno pamene pali mfundo ya chitenje, osapisa manja m'khwapa. Kuchimbudzi chokumba zikani mtengo wolimba mbali ya dzanja labwino, kapena mupeze kalipentala aboole mpando pakati. Podzisamalira kumeneko agwiritse ntchito dzanja labwino lokha. Nkhani imeneyi ndi yovuta kukambirana ndi kholo, koma ikambeni. Ngati ndinu mwana wamwamuna, tumani mlongo wanu kapena azakhali.

4. Bala, kusamba ndi kuvala

Bala likhale louma mpaka ulusi utachotsedwa, zimene kawirikawiri zimachitika pakatha masiku 10 mpaka 14. Asambe ndi kansalu konyowa, madzi osafika pabandeji. Kunyanja asapite mpaka bala litapoleratu. Potsuka m'khwapa musanyamule mkono: avule silingi, awerame pang'ono, mkono ulendewere wokha, mpata upezeka. Pukutani bwinobwino n'kuikamo kansalu koyera kouma. Kutentha kwa kuno m'mwezi wa Okutobala sikufuna kufotokoza, ndipo thukuta lokhala m'khwapa ndi pakhosi pamene padutsa lamba wa silingi limayambitsa zilonda msanga.

Povala, mkono wodwala ulowe poyamba. Povula, utuluke pomaliza. Madiresi ovalira kumutu asiye kaye. Amayi anatha masabata 6 akuvala malaya a mabatani a malemu abambo, amene anakhala m'sutikesi zaka zambiri. Chitenje ndi duku ndinkawamanga ndine.

Mkono udzathimbirira, magazi oundana m'kati n'kutsetserekera kuchigongono ngakhale pachifuwa. Zimenezi zimatha zokha. Koma abale akaona, adzabwera ndi nzeru zawo, ndipo adzabwera mwachikondi. Kwathu kunabwera azakhali ndi madzi otentha kuti athowe, atanyamulanso mankhwala oti atemere. Ndinawagwadira n'kunena kuti, "Zakhali, m'katimu muli chitsulo. Tizilombo tikalowa, jekeseni satha kutitulutsa." Ndipo n'zoona: tizilombo tikakakamira pachitsulo, mankhwala amavutika kutifika, mwina mpaka pamafunika opaleshoni ina yochotsa chitsulocho. Choncho pasakhale mphini, kuthowa, kukoka mkono kuti "uwongoke", kapena kupaka chilichonse pabala.

5. Ululu

Mankhwala amwe pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe kuwaliza. Panado wa 500 mg munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo nkhalamba yochepa thupi imafunika ochepera pamenepo, monga mmene adokotala alembera. Musawaonjezere bulufeni kapena indosidi wa pagolosale mwa nokha. Kwa okalamba mankhwala amenewa amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Mankhwala amphamvu monga tramadol amachititsa chizungulire ndi kudzimbidwa, ndiye madzi akumwa, papaya ndi ndiwo zamasamba zisasowe, ndipo popita panja usiku muziwaperekeza. Madzi oundana okulunga m'nsalu, kwa mphindi 15, amachepetsa kutupa. Ife tinkagula kwa mayi wina wogulitsa mafilizesi. Osawaika pakhungu penipeni, ndipo asanyowetse bandeji.

6. Masabata 6 oyamba: phewa lipume, zina zonse zigwire ntchito

Kuyambira tsiku loyamba zala zizifumbata ndi kutambasuka, dzanja lizizungulira, kangapo pa tsiku. Apatseni ndimu azifinya m'manja. Katatu pa tsiku tulutsani mkono m'silingi ali chikhalire, chigongono chili m'mbali mwa thupi, awongole ndi kupinda chigongonocho pang'onopang'ono. Mukapanda kutero zala zimatupa, chigongono n'kuuma, ndipo mudzakhala ndi mavuto awiri. Aziyendanso pabwalo m'mawa ndi madzulo. Kugona tsiku lonse kumafooketsa miyendo ndipo kumaitana chibayo ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha.

Za phewa lenilenilo madokotala amasiyana, malinga ndi mmene anapezera fupa. Ena amafuna lisagwedezeke konse masabata angapo. Ena amalola kuti wodwala awerame, dzanja labwino litagwira tebulo, mkono wodwala uzilendewera n'kumazungulira pang'ono chifukwa cha kugwedezeka kwa thupi. Ena amalola kuti inu muziunyamula mkonowo wodwala atagona chagada, iye osathandizira ngakhale pang'ono, mpaka pamlingo umene anakuuzani. Chitani zokhazo zimene zinalembedwa m'buku. Chimene onse amagwirizana n'chakuti wodwala asanyamule yekha mkonowo, asaupititse kumbuyo, asatsamire, ndipo asanyamule chinthu cholemera kuposa kapu ya tiyi.

Tsono apa m'pamene pali nkhondo. Mayi amene wakhala akudzigwirira ntchito moyo wake wonse sangakhale manja lende masabata 6. Ululu ukangochepa, pa sabata yachitatu, amayamba kudziona ngati wachira. Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinawapeza amayi atachotsa silingi, ataikoleka pamsomali, akusesa pabwalo. Nditawalankhula anati, "Mwanawe, ndizingodya ngati mlendo pakhomo panga?" Mawu amenewo anandilasa, chifukwa sankanena za tsache. Kuwakalipira sikukanathandiza. Chimene chinathandiza n'kuwapatsa ntchito zimene angachite chigongono chili m'mbali, manja ali pamiyendo: kusankha mpunga m'lichero loikidwa pamwendo, kusadzula nkhwani, kusankha nyemba, kuyang'anira usipa uli padzuwa, kulangiza mdzukulu pamene akuphika. Ndinawauzanso za timafupa tiwiri tija, ndipo ndinajambula pansi ndi kamtengo. Munthu wamkulu akamvetsa chifukwa chake amasunga lamulo kuposa akangoletsedwa.

Izi zikhale zoletsedwa kotheratu mpaka adokotala atalola: kuthyakula nsima, makamaka kondowole amene amalimba kwambiri, kusinja, kupeta, kupopa mjigo, kulima, kuchapa, kusenza. Ndipo china chimene ambiri sachiganizira: kubereka mdzukulu. Poponya mwana kumsana mkono umapita kumbuyo n'kupindikira m'kati utanyamula katundu. Mwana amuike pamwendo wina, agogo amusisite ndi dzanja labwino.

7. Kukajambulitsa, kenako kuyamba kunyamula mkono

Tsiku lobwerera kwa adokotala, cha pa sabata ya 6, musalidumphe ngakhale wodwala akuoneka bwino. Ndalama ya ulendo umenewu yambani kusonkha pabanja kuyambira tsiku lotuluka. Madokotala akuluakulu a mafupa m'chigawo chapakati ali ku Kamuzu Central Hospital, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Ekisire ndi imene imaonetsa ngati timafupa tija tagwira, maso sangaone.

Akalola, silingi imayamba kuchoka, poyamba masana pakhomo, kenako usiku, pomaliza pagulu. Ine ndinkayesa kuti apa mavuto atha. Ayi ndithu. Amayi omwe aja amene ankasesa mobisa tsopano anayamba kuopa. Mkono unali wowonda, wouma, wolemera ngati si wawo, ndipo ankaukumbatira pachifuwa ngakhale silingi palibe. Phewa losagwedezeka limauma, ndipo likaumitsitsa kulibweza n'kovuta. Ntchito yanu imatembenuka: munali woletsa, tsopano ndinu wolimbikitsa.

Mafizo a nthawi imeneyi safuna zida za kusitolo. Agone chagada atagwira kansungwi ndi manja onse awiri, dzanja labwino likankhe lodwala kukwera m'mwamba. Kugona chagada n'kosavuta kusiyana ndi kuimirira, choncho yambirani pamenepo. Akhale patebulo, dzanja lili pakansalu, alitsetsereze kutsogolo n'kulibweza. Pambuyo pake aime moyang'ana khoma, zala zizikwera khomalo ngati nyerere. Ife tinkalemba ndi khala pamene zala zafika Loweruka lililonse. Masabata ena mzere sunkasuntha, ena unkakwera ngati chala chimodzi, ndipo amayi akafooka mtima ndinkawaonetsa mzere wa mwezi wathawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero okha.

Kuchita pang'ono katatu pa tsiku kumaposa kuchita zambiri kamodzi. Kumva kukoka ndi kuwawa pang'ono kumene kumatha mukapuma n'kwabwinobwino. Ululu wobaya, kapena umene ukufika mpaka mawa lake, ukutanthauza kuti mwapyola; bwererani m'mbuyo pang'ono. Musakankhe mkono mwamphamvu kuti ufike pamene mukufuna inu. Kuchipatala cha boma funsani masiku amene a fizo amaona anthu, muzipita ngakhale kamodzi pa masabata angapo kuti akonze zimene mukulakwitsa.

8. Kuyambira mwezi wachitatu

Cha pa sabata ya 12, adokotala akavomera, amayamba zolimbitsa minofu. Botolo la madzi la 500 ml limalemera theka la kilogalamu, ndipo ndi poyambira pabwino. Lamba wodula ku chubu cha njinga amagwira ntchito yokoka, koma a fizo akuonetseni kaye kakokedwe kake. Ntchito zibwerere imodziimodzi: kudya ndi dzanja lamanja, kusamba okha, kuphika phala, kutsuka mbale zopepuka.

Kambiranani zoona za mmene mkono udzakhalire. Ambiri ululu umatha, ndipo amatha kukweza mkono kufika msinkhu wa phewa kapena kupitirirako, zokwanira kudya, kusamba ndi kuvala. Kufika kumsana kumavutabe kwa ambiri. Kusintha kumapitirira mpaka chaka chathunthu, mwina kuposa. Koma phewa lachitsulo si la katundu wolemera. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kuitukula kuti ifike pamutu si ntchito yawonso, ngakhale patapita zaka. Khasu ndi munsi funsani adokotala; ife tinagwirizana pabanja kuti munda wa amayi tizilima ndife.

9. Zimene siziyenera kudikira mawa

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala lafiira, latentha, likutuluka madzi kapena mafinya; ngati ululu ukukula m'malo mochepa; ngati phewa lasintha maonekedwe mwadzidzidzi kapena mkono wasiya kugwedezeka pambuyo pa kugwa kapena kukokedwa; ngati zala zachita dzanzi losatha, zazizira kapena zasintha mtundu; ngati mwendo umodzi watupa, kapena akubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa. Phewa likaguluka, wina aliyense asayese kulibwezera kunyumba.

Za kutentha thupi ndinenepo mwapadera. Kuno kunyanja thupi likatentha tonse timati malungo. Kayezetseni ndithu, koma muwauze achipatala kuti wodwalayo ali ndi chitsulo m'phewa ndipo aone balalo, ngakhale malungo atapezeka. Wodwala shuga asamale kwambiri, chifukwa shuga wokwera amachedwetsa bala ndipo amapereka mpata kwa tizilombo. Chilonda china chilichonse, dzino lowola kapena vuto la mkodzo, zichiritsidwe msanga ngakhale patapita zaka.

10. Kuti asagwenso

Fupa limene lathyoka munthu atangogwa ali chiimire ndi chizindikiro chakuti mafupa afooka m'kati, vuto limene limagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba. Lotsatira likhoza kukhala la m'chiuno. Funsani adokotala ngati akufunika mankhwala olimbitsa mafupa. Pa chakudya tili ndi mwayi: usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake ali ndi kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, ndipo nyemba, mazira, mtedza, mkaka ndi masamba zimathandiza kumanga fupa ndi mnofu. Fodya, wosuta ngakhale wa m'mphuno, amachedwetsa fupa kugwirana. Mowa umagwetsa. Maso akayezedwe; ng'ala imachotsedwa. Amene amamwa mankhwala a BP azikhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire. Tochi ikhale pamutu pa bedi, patapata wakutha atayidwe, zingwe za mbuzi zichoke panjira ya kuchimbudzi.

Mwala wa kubafa uja tinauchotsa, tinathira simenti yokhakhala n'kuikapo benchi. Tsopano patha miyezi 10. Amayi amamanga okha duku, ataweramitsa mutu kuti dzanja lifike. Zipi ya kumsana sangathe, ndiye telala anawasinthira madiresi awiri kuti azitsekera kutsogolo. Wothyakula nsima ndi mdzukulu wawo, iwo n'kulandira chipande kuti aomole, chifukwa amati mitanda ya mwanayo imatuluka yopanda maonekedwe. Mizere ya khala ikadali pakhoma la kuchipinda, ndipo anakana kuti tiipake laimu mpaka adokotala adzawaonenso chikakwana chaka.